Kuumba makoko a .30-06 kuti akhale a 7x57 Mauser: momwe ntchito yayendera

10 Febuluwale 2024: poyambira

Pa famu ya nyama zakutchire yomwe ndimagwirapo ntchito kuno ku Limpopo, kufupi ndi Lephalale, alenje obwera nyengo yozizira amasiya makoko a zipolopolo, timachubu ta mkuwa totsala munthu akawombera, ali mbwee pamalo oyesera mfuti. Ambiri sadzaza okha zipolopolo, akawombera amangotaya. Chaka chatha ndinkatola n'kumaponya m'chitini cha penti, ndipo lero nditakhuthula ndapeza kuti ochuluka ndi a .30-06 Springfield, otsatira a .308. Mfuti yanga ndi 7x57 Mauser, ya bolt (chitsulo chokoka ndi dzanja polowetsa ndi kutsekera chipolopolo), yakale ndithu. Makoko ake akupezeka mwa apo ndi apo, ndipo shopu ina ku Polokwane inanditchulira R1,500 pa makoko 50 atsopano ochokera kunja. Ndaganiza zoumba a m'chitini aja.

Zimatheka chifukwa tsinde la makoko awiriwa n'lofanana pafupifupi. Mkombero wa .30-06 ndi 12.01 mm, wa 7x57 ndi 12.10 mm, ndipo shell holder (kachitsulo kogwira khoko pamkombero poliumba) imodzi imagwira onse. Kusiyana kuli kumtunda. Khoko la .30-06 n'lalitali 63.3 mm, la 7x57 ndi 57 mm. Phewa la .30-06, pomwe thupi la khoko limayamba kuchepa kupita kukhosi, limayambira pa 49.5 mm kuchokera pansi, la 7x57 cha pa 43.8 mm. Ndiye phewa liyenera kutsika ndi mamilimita oposa asanu, khosi lichepe kuchoka pa mutu wa chipolopolo wa .30-06, wonenepa inchi .308, kufika pa wa 7x57, wa .284, chotsala kumwamba chidulidwe. Makoko a .308 a m'chitini aja alibe ntchito pano, ndi 51 mm basi, afupika kale.

Wina angati bwanji osangogula mfuti ya .30-06, makoko aulere alipo. Amene anadikirapo laisensi ya mfuti kuno akudziwa yankho. Komanso 7x57 siimenya phewa la munthu powombera, ndipo kuno ili ndi ulemu wake: Mauser anaipanga mu 1892, asilikali a Spain anaitenga mu 1893, ndipo Mabunu anamenyera nayo nkhondo ya 1899 mpaka 1902, kuphatikizapo ku Spion Kop mu Januwale 1900. Nswala, njiri ndi ngoma imagwetsa bwinobwino.

Za lamulo ndinene pano kamodzi. Firearms Control Act ya 2000 imalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake yokha. Ngati sunalembetsedwe ngati dedicated hunter (mlenje wa m'bungwe lovomerezeka la alenje) kapena wamasewera, usapitirire zipolopolo 200 ndi ma primer (tizitsulo toyatsa onga ta pansi pa khoko) 2,400 pa mfuti imodzi. Ndipo munthu wochokera kunja ngati ine sapata laisensi popanda permanent residence. Amene mukuwerenga muli kumudzi kapena dziko lina, funsani kaye kupolisi.

Zida zomwe ndili nazo kale: press yachitsulo yokankhira makoko, sikelo ya onga, vernier yoyezera utali ndi kukhuthala, chodulira makoko chopukusa ndi manja. Zogula lero: ma die (zikombole zachitsulo zoumbira khoko) a 7x57 akaunjika R650, kachitini ka Imperial wax wopaka makoko poumba R260.

17 Febuluwale: kusankha

Ndawatsuka m'madzi otentha, sopo wa mbale pang'ono ndi supuni ya ufa wa citric acid, uja amagulitsa pa shelefu ya zophikira keke. Kuyanika kuno si nkhani, dzuwa la Febuluwale pa lata ola limodzi basi.

Khoko lililonse ndaliunika m'kati ndi tochi. La bowo limodzi pakati ndi Boxer, n'lomwe ndikufuna. La timabowo tiwiri ndi Berdan, limathyola singano yochotsera primer, ndiye ndataya. Kenako ndapinda kawaya kopanira mapepala n'kumakanda khoma la m'kati pafupi ndi tsinde. Kawaya kakakodwa pa kamzere, ndiye kuti khokolo latanuka kale ndipo tsiku lina lidzaduka pakati. Amenewonso kunja.

Pa makoko 180 atsala 146. Ndawagawa potengera zolembedwa pansi ndi kulemera kwake. Gulu A ndi 88, kampani imodzi, ooneka kuti anawomberedwa kamodzi. Gulu B ndi 36, a usilikali, olemerako, primer yake inapanidwa m'mphepete. Gulu C ndi osakanikirana 22, ophunzirirapo. Muli a .270 Winchester angapo omwe anabisala m'katimu, pamaso sungawasiyanitse msanga. Ndawaika padera.

24 Febuluwale: kuyesa koyamba, zakanika

Ndachotsa chitsulo cha pakati pa die, chija chimachotsa primer ndi kukuza khosi, kuti khosi lalitali la .30-06 lipeze podutsa. Ndapaka wax, ndalowetsa khoko lathunthu la gulu C, ndakoka mkono wa press kamodzi mpaka pansi. Mphamvu yomwe imafunika ndi yambiri kuposa podzaza wamba. Tebulo linayamba kunyamuka, mpaka ndalikhomerera kukhoma ndi mabawuti awiri.

Oyamba anatuluka ndi phewa lobonyoka malo awiri kapena atatu. Ameneyo ndi wax wochuluka. Akapanikizika pakati pa phewa ndi die alibe kothawira, ndiye amakankha mkuwa kulowa m'kati. Kabowo kakang'ono kam'mbali mwa die, kotulukira mafuta ndi mpweya, kanali kotsekeka ndi litsiro la mwini wake wakale. Ndakatokosa ndi singano.

Ena anatuluka ndi makwinya otsika kuchoka pa khosi kufika pa phewa, mkuwa utapindirana wokha. Zobonyoka za mafuta zimawongoka ukawombera, koma makwinya otere sawongoka. Ndi mng'alu womwe ukungodikira tsiku lake, ndipo amenewo ndawaphwanya ndi pulayala kuti asadzasokonezeke ndi abwino.

Poopa kubonyola ndinachepetsa wax, ndipo ndinachepetsa mopitirira. Khoko linalowa movuta, pobweza mkono ndinangomva kuti thapu, shell holder yatsika ndi kachidutswa ka mkombero, khoko latsala m'die. Ntchito ya lero yathera pomwepo.

2 Marichi: kuzula khoko lokanirira

Musayese kulimenya ndi msomali kuchokera kumwamba, mungokanda die. Ndamanga die m'vayisi chadodolido, pakati pa timatabwa tiwiri. Ndaboola pa bowo la primer ndi drill ya 5 mm, ndatema mazinga ndi tap ya M6, ndavundikira soketi ya sipanala yoti khoko likwanemo, pamwamba washala, kenako bawuti ya M6 kudutsa zonsezo kulowa m'khoko. Ukamamanga bawuti, khoko limakwera lokha kulowa m'soketi. Tap ndi bawuti R85 ku hadiweya.

Ndinakawaonetsa makoko opunduka aja bambo ena achikulire a famu yoyandikana nafe, omwe tonse timangowatchula kuti Oom. Akhala akudzaza zipolopolo kuyambira ine ndisanabadwe. Anatenga limodzi, kulitembenuza pa dzuwa, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ukuufunsa mkuwa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Tsitsa phewa kaye, khosi pambuyo." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi die ya 8x57 yoti ndibwereke.

Nzeru yake ndi iyi. 8x57, mtundu wina wa chipolopolo cha Mauser, ili ndi tsinde lomwelo ndi utali womwewo wa 57 mm, phewa lake lili pakati pa la .30-06 ndi la 7x57, ndipo khosi lake ndi la mutu wa .323, lalikulu kuposa la .30-06. Choncho die imeneyi imatsitsa phewa theka la njira osakhudza khosi lakale. Die ya 7x57 ikamabwera imapeza ntchito yachepa.

9 Marichi: njira yomwe yagwira

Choyamba kuchotsa ma primer akale padera. Chachiwiri kudula khoko lisanalowe m'die. Ndikugwiritsa kodulira mapaipi a mkuwa kaja ka okonza mafiriji, R140, kudula pa 58 mm. Kamapinda mlomo kulowa m'kati pang'ono, ndiye ndimaupala kaye. Musadule pa 57 mm ndendende poganiza kuti mwapulumutsa nthawi, chifukwa mlomo umatuluka wokhota ndipo mufunika potsala pokonzera. Khoko limatalika pomwe phewa likutsika, anga ambiri atuluka cha pa 59 mm.

Wax ndi wongopaka pa zala ziwiri n'kupukusa thupi la khoko. Pakhosi kachinyezi chabe, paphewa ayi. Kenako die ya 8x57, ndiye ya 7x57, koma osakoka kamodzi mpaka pansi. Ndimalowetsa pang'ono, kubweza, kutembenuza khoko pang'ono m'shell holder, kulowetsanso mozamirapo, mpaka lifike. Dzanja limamva mkuwa ukamayenda bwino ndiponso ukayamba kukana. Ukakana, bweza, pukuta, pakanso.

Ndinayesanso kuwotcha makosi angapo ndisanaumbe, poti ena amalangiza choncho. Anafewa mopitirira ndipo phewa linakhwinyatira m'thupi ngati chitini cha chakumwa chopondedwa. Pa makoko owomberedwa kamodzi, umbani kaye, moto pambuyo. Mwina akale owomberedwa kambirimbiri, omwe mkuwa wake wauma, ndi omwe angafune moto poyamba, koma amenewo sindingataye nawo nthawi.

Pa gulu A ndataya 5 okha. Gulu B ndi louma mutu, khoma lake n'lokhuthala, ndataya 7 pa 36 ndipo mkono ukuwawa.

16 Marichi: kudula ndi kufewetsa

Onse ndawadula pa 56.8 mm ndi kupala mlomo m'kati ndi kunja. Mamilimita awiri pa khoko lililonse ndi chopukusa cha manja si masewera. Ndinalumikiza drill ya batire, magetsi n'kuzima batire isanadzaze, ndiye theka ndamaliza ndi manja, matuza awiri pachikhatho.

Mkuwa wa makoko ndi magawo 70 a kopa ndi 30 a zinki. Ukaupinda umalimba, ukaupindanso umang'aluka, ndipo makosi awa apindidwa kwambiri. Ndagula Tempilaq ya 750°F, yomwe ndi pafupifupi 400°C, pa R780, chinthu chodula kuposa zonse mpaka pano. Umapaka kadontho m'kati mwa khosi, kakasungunuka ndiye kuti kutentha kwakwana. Khoko ndimaliika m'soketi yaitali yomangidwa ku drill, khosi ndi phewa zokha kuonekera, n'kumalizunguza pa nsonga ya lawi la gasi. Pa lawi langa zikutenga masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi. Nditapeza nthawiyo pa makoko a gulu C, otsalawo ndimangowerenga chamumtima.

Khosi likafiira kuti psuu mwapsereza. Koma choopsa kwenikweni ndi kutentha kukafika ku tsinde. Tsinde liyenera kukhala lolimba chifukwa ndi lomwe limatchinga puresha kuti isabwerere kumaso kwanu. Khoko lina linandipulumuka n'kukhalitsa pamoto, ndaliphwanya osaganiza kawiri. Ndimawagwetsera m'beseni la madzi kuti kutentha kusatsike. Madzi salimbitsa mkuwa ngati momwe amachitira ndi chitsulo.

23 Marichi: bolt yakana kutseka

Ndinkaona ngati ndamaliza. Ndalowetsa khoko lopanda kanthu m'mfuti, bolt yafika kutsogolo koma chogwirira chake chakana kutsika. Lachiwiri chimodzimodzi. A gulu B ndiye osayandikira n'komwe.

Ndinadetsa khosi ndi phewa la khoko limodzi ndi cholembera chakuda, kulilowetsa, kukankha bolt pang'ono, kulitulutsa. Inki yachoka mozungulira paphewa, pakhosi ili bwinobwino. Ndiye kuti phewa silinatsike mokwanira. Phewa latsopanoli lapangidwa ndi mkuwa womwe unali khoma la thupi, wokhuthala, ndipo ukachoka m'die umabwerera pang'ono.

Ndatsitsa die mpaka shell holder ikuigunda mwamphamvu mkono ukafika kumapeto. A gulu A ambiri analowa, makamaka poti tsopano ndi ofewetsedwa. A gulu B anakanabe. Oom anati ndisakhudze die, ndipale shell holder. Ndagula ina ya R150, ndayala sandipepa wa madzi pa galasi, n'kumapukusa nkhope yake ya pamwamba, kuyeza ndi vernier pafupipafupi mpaka yachepa ndi 0.1 mm. Ndaipaka penti yofiira. Imeneyi ikadzasokonezeka n'kugwira ntchito pa makoko wamba, phewa lidzatsika mopitirira, khoko lidzakhala ndi mpata wosewera m'chemba, malo okhala chipolopolo kumayambiriro kwa mpope wa mfuti, ndipo mpata umenewo ndi womwe umadula makoko pakati.

Poyesa ndimachotsa firing pin, kachitsulo komenya primer, ndi sipuling'i yake m'bolt, kuti dzanja limve khoko lokha. Ndikufuna chogwirira chitsike chokha theka la njira, kenako chifune kukankhidwa pang'ono ndi chala chimodzi. Chikagwa chokha mpaka pansi, phewa latsika kwambiri. Pa makoko oti awomberedwe koyamba, kuthina pang'onoko n'kwabwino, kumagwira tsinde kuti likhale chogunda bolt pomwe mkuwa ukudzaza chemba.

Ma primer a gulu B anasiya kamlomo kopanidwa kaja pa bowo. Ndakapala ndi chopalira milomo, pang'ono chabe, mpaka primer yatsopano ikulowa mosakakamiza.

6 Epulo: kuyeza khosi la chemba

Apa ndi pomwe ndinkaopa kwambiri. Khosi la 7x57 limayambira cha pa 47.4 mm. Pa khoko la .30-06 malo amenewo ndi thupi, kenako phewa mpaka cha pa 53.5 mm. Ndiye khosi langa latsopano lili ndi mkuwa wa mitundu itatu: pansi khoma la thupi, pakati phewa lakale, kumlomo khosi lakale. Khosi likakhuthala kwambiri moti likusowa potanukira m'chemba, limagwira mutu wa chipolopolo osausiya, puresha n'kukwera modzidzimutsa. Bolt ikhoza kutseka bwinobwino inu osadziwa kanthu. Amene amaumba .308 kukhala .243 vuto limeneli amalidziwa, kumeneko nthawi zambiri khosi limafunika kupalidwa.

Osaganizira, yezani. Wokonza mfuti wina ku Polokwane anatseka mpope ndi kansanza, n'kuthira Cerrosafe m'chemba, chitsulo chija chimasungunuka madzi asanawire n'komwe. Chitauma anachigogoda, chinatuluka chili ndi maonekedwe onse a chemba. R300. Khosi la chemba yanga ndi 8.29 mm.

Ndadzaza zipolopolo zoyesera zopanda onga ndi primer, mutu wokha. Gulu A khosi likuyeza 8.02 mpaka 8.06 mm, gulu B likufika 8.13 mm pansi penipeni. Muyeso wa C.I.P. (bungwe la mayiko loika miyeso ya mfuti ndi zipolopolo) wa khosi la 7x57 ndi 8.25 mm, ndipo makoko ogula omwe ndili nawo akuyeza 7.95 mm. Kunena kwina, chemba ya 7x57 ili ndi khosi lotakasuka kuyambira kale, ndipo makoko oumba akuikwana bwino kuposa ogula. Mantha aja anali a chabe pa mfuti iyi. Koma ngati yanu inaikidwa mpope watsopano wa chemba yothina, nambala zanga zisakunamizeni. R300 imeneyo ndi ndalama yomwe sindikuidandaula mwa zonse zomwe ndawononga.

13 Epulo: kuwombera koyamba

Mitu yolemera 140 grain, onga wa Somchem S355, muyeso woyambira wa m'buku la kampaniyo. Kuchuluka kwa onga sindilemba pano, mfuti yanu si yanga ndipo makoko anu si anga. Onga wa kuno wakhala ukusowasowa chiphulikire fakitale ya ku Somerset West mu Seputembala 2018, ndiye chitini chomwe ndili nacho ndikuchisunga ngati mankhwala.

Magalasi kumaso. Zonse zalira bwino, bolt ikutseguka mosavuta, ma primer akadali ozungulira m'mphepete. Zobonyoka za wax zija zawongoka, phewa latuluka lakuthwa bwino. Pamwamba pang'ono pa tsinde pakuoneka kotupa kozungulira, kwina mbali imodzi. Tsinde la .30-06 ndi 11.96 mm pomwe la 7x57 ndi 12.01 mm, ndipo makoko ambiri amapangidwa ocheperako pa muyeso wawo, ndiye thupi limatanuka kudzaza chemba pomwe tsinde lolimba likhala momwe linalili. Ndakanda m'kati ndi kawaya kaja, palibe mzere. Makosi awiri a gulu B ang'aluka, ndikuganiza kuti moto sunawakwane.

20 Epulo: mphete ya m'khosi

Pali kayesedwe kosavuta komwe aliyense woumba makoko ayenera kuchita. Tengani khoko lowomberedwa lisanalowe m'die, lowetsani mutu watsopano pakhosi ndi zala. Uyenera kutsetsereka n'kugwera m'kati. Pa anga unalowa bwino mamilimita asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi n'kuima kuti nji. Ndaunika ndi tochi, pomwe khosi likumana ndi phewa pali kamphete ka mkuwa kotulukira m'kati. Odzaza zipolopolo amati donut. Ndi khoma la thupi lija. Kunja die ndi chemba zalisalaza, ndiye kukhuthala konse kwathawira m'kati, komwe vernier ya kunja siingaone.

Ndi mitu ya 140 grain sizikundikhudza. Ndi yaifupi, ndipo 7x57 ili ndi mpata wautali kutsogolo kwa chemba, ndiye tako la mutu silifika pa mphete. Koma pa ngoma ndi nyumbu ndimafuna 175 grain. Chipolopolo chonse sichiyenera kupitirira 78 mm, khoko ndi 57 mm, ndiye mutu wautali chonchi umalowa kupyola khosi lonse. Ndayesa umodzi, ndinamva mkono wa press ukulimba utafika pa mphete, ndipo nditauzula unali ndi mkanda wozungulira. Apa ndi pomwe puresha ikanakwerera, ngakhale chemba ndi yotakasuka.

Njira ndi ziwiri. Ina ndi reamer, chopalira m'kati, yolowa m'khosi la khoko lowomberedwa. Ina ndi kukankhira mphete kunja ndi mandrel, kachitsulo kolowetsa m'khosi, kenako kupala khosi kunja. Oom ali ndi chopalira kunja, ndiye ndatsata yachiwiriyi, ndangogula mandrel ya 7 mm pa R320. Khoko lidutse m'die, mandrel ilowe ndi wax pang'ono, mphete ija imaonekera kunja ngati kotupa pansi pa khosi. Mpeni ndauika poti uchotse kotupako ndi kungokhudza mbali yokhuthala ya khosi, kusiya khoma la 0.37 mm, n'kulowa pang'ono chabe paphewa. Ukalowa kwambiri paphewa, khosi limadzathothoka n'kutsala m'chemba. Awiri ndawalowetsa mopitirira ndisanapeze poimira.

Popala m'pomwe ndaona kuti makosi ambiri ndi okhuthala mbali imodzi: mpeni umadya uku n'kudumpha uko. Gulu A n'labwinoko, gulu B lili paliponse. Madzulo atatu athera pa ntchito imeneyi, zinyenyeswa za mkuwa mpaka m'masokosi.

4 Meyi: kuyeza ndi madzi

Khoko lowomberedwa, primer yakufa ili momwemo, kuliyeza pa sikelo, kulidzaza madzi ndi jakisoni mpaka pamlomo, kuliyezanso. Ogula a 7x57 akutenga cha pa 59.5 grain za madzi, gulu A cha pa 58.5, gulu B cha pa 57. Malo akachepa, onga womwewo umapereka puresha yokwera. C.I.P. imalola 7x57 kufika 3,900 bar, pansi pa 4,050 ya .30-06, ndipo mfuti yanga si ya dzulo.

Tinayeza liwiro ndi chronograph ya Oom. Pa muyeso umodzi wa onga, gulu A linaposa makoko ogula pang'ono, gulu B linaposa ndi mafiti pafupifupi 60 pa sekondi. Nditakwera pang'ono, pa gulu B bolt inayamba kulimba potsegula pomwe gulu A linali lisanadandaule. Ndaimira pomwepo n'kubwerera pansi. Magulu awiriwa sangagawane muyeso, ndipo sindikufuna miyeso iwiri ya mfuti imodzi pa tebulo langa. Gulu B lonse ndalichotsa, likhale lophunzitsira ena kuwotcha makosi. Ndikanayeza madzi pa makoko awiri atatu mu Marichi, sindikanavutika nalo mpaka kupala makosi.

Gulu A ndi 175 grain likuika zipolopolo zitatu m'kati mwa 3 cm pa mamita 100. Ndi makoko ogula mfutiyi imachita chimodzimodzi, ndiye sindinganene kuti oumbawa aiwonjezera luso.

18 Meyi: zolembedwa pansi pa khoko

Pansi pa chipolopolo chilichonse palembedwabe 30-06, pomwe ndi 7x57. Pa famu ngati ino, pomwe alendo amayala mabokosi awo pa tebulo limodzi, zimenezi si zoseketsa. Chipolopolo cha 7x57 chimalowa m'chemba ya .30-06, ndipo pa mfuti za mtundu wa Mauser chikhadabo cha bolt chikhoza kuchigwira mpaka firing pin n'kuchimenya. Phewa lilibe potsamira, khoko likhoza kung'ambika, mpweya wamoto n'kubwerera m'bolt.

Ndapaka tsinde la lililonse ndi inki yofiira yosafufutika, ndipo ndizibwereza ndikatsuka. Ali m'bokosi lawolawo lolembedwa ndi zilembo zazikulu, ndipo sabwerekedwa kwa wina aliyense. M'bokosimo ndaikamonso kope ya laisensi ndi khoko limodzi logula la 7x57, kuti wapolisi wa pamsewu akaona 30-06 pomwe laisensi ikunena zina, ndiimike awiriwo pamodzi aone yekha. Kudutsa nawo pa chipata cha dziko, kaya ku Beitbridge kaya pa bwalo la ndege, sindingayese. Kumeneko amawerenga zolembedwa pa khoko n'kufananiza ndi chilolezo, ndipo nkhani ya ma die palibe angaimvetsere.

15 Juni: kuwerengera

Pa makoko 180 a m'chitini, omwe akugwira ntchito ndi 79, onse a gulu A. Ena awomberedwa kanayi tsopano, palibe khosi long'aluka, mabowo a primer akadali othina. Akutalika pang'onopang'ono ngati makoko ena onse. Mphete ija ndaipezanso yaing'ono pa angapo atawomberedwa kachitatu, ndiye kayesedwe ka mutu ndi zala kakhala ka nthawi zonse. Sabata yatha mutu wa 175 grain wagwetsa ngoma yaimuna pa mamita ngati 120, nyama ya antchito a pa famu.

Ndalama: wax R260, tap ndi bawuti R85, kodulira mapaipi R140, Tempilaq R780, gasi R120, shell holder R150, kuyeza chemba R300, mandrel R320. Zonse R2,155, osawerengera ma die a 7x57 omwe ndikanagulabe. Makoko 79 atsopano pa mtengo wa ku Polokwane uja akanakhala R2,370. Ndapulumutsa R215 basi, n'kutaya Loweruka lililonse la miyezi itatu, ndipo die ya 8x57, chopalira makosi ndi chronograph n'zobwereka. Amene 7x57 ikupezeka pa shelefu ya kwanu, gulani. Phindu langa liyambira pa gulu lotsatira, poti zida zilipo kale ndipo alenje a chaka chino ayamba kale kudzaza chitini.

A .270 Winchester aja ndawayesa asanu dzulo. Khosi lawo ndi la .277, pafupi kwambiri ndi .284, ndiye ndinadumpha die ya 8x57 n'kulowa mwachindunji m'ya 7x57, pang'onopang'ono monga kale. Anayi atuluka bwino, limodzi lachita makwinya paphewa. Ndiwayeza madzi kaye ndisanadule ena.